KUKONZEKERA MWANA WOYAMBA: NDALAMA ZA PABANJA NDI UFULU WA MAYI NDI MWANA

Mau Oyamba

Mwana ndi mphatso yochokera kwa Mulungu, ndipo palibe mkhristu amene angatsutse zimenezi. Koma ife amene timayendera mabanja m'miphakati taona kuti kawirikawiri mphatso imeneyi imafika pakhomo pamene palibe ngakhale ndalama ya njinga yopitira kuchipatala. Taona mabanja achinyamata akugulitsa chimanga chikadali m'munda, ena akukongola kwa akatapila, enanso akukangana mpaka kuitana ankhoswe. Zonsezi zimachitika chifukwa cha mwana yemwe anamudikira ndi chimwemwe.

Kubadwa kwa mwana sikugwa mwadzidzidzi monga maliro kapena moto. Mulungu amatipatsa miyezi isanu ndi inayi yoti tikonzeke. M'phunziro lino tikambirana m'mene banja lingagwiritsire ntchito miyezi imeneyi. Tiona zinthu zaulere zomwe sitiyenera kulipira, zinthu zofuna ndalama ndi m'mene tingazitsatanitsire, komanso zomwe lamulo la dziko lino limapereka kwa mayi, kwa bambo ndi kwa mwana.

1. Khalani Pansi Awiri

Pa chikhalidwe chathu nkhani ya pathupi siikambidwa poyera, ndipo abambo ambiri amati imeneyo ndi nkhani ya amayi ndi anamkungwi. Ulemu umenewu ngwabwino, koma usatilepheretse kukambirana za ndalama m'nyumba mwathu. Mutu umodzi susenza denga.

Mayi akangodziwa kuti ali woyembekezera, iye ndi bambo atenge kope ndi pensulo. Tsamba loyamba alembepo zonse zolowa m'nyumba: malipiro, phindu la geni, ganyu, ndi zokolola zomwe zili m'nkhokwe kapena m'matumba. Tsamba lachiwiri alembepo zotuluka: lendi, chigayo, sopo, mchere, makala, mayunitsi a foni, chamtulo cha ku tchalitchi, thandizo lotumiza kumudzi, ndi ngongole zonse. Pamenepa pafunika chilungamo. Bambo wobisa malipiro ake, kapena mayi wobisa ngongole ya ku banki mkhonde, akunamiza mwana wake yemwe. Ambuye Yesu, pa Luka 14, anatiphunzitsa kuti womanga nsanja amayamba wawerengera mtengo wake. Kulera mwana ndi ntchito yoposa kumanga nsanja.

Chachiwiri, werengani mwezi umene mwana adzabadwe. A kusikelo adzakuuzani. Mwana wobadwa mu June amapeza chakudya m'nyumba ndi miseu youma. Mwana wobadwa mu January kapena February amapeza chimanga chitakwera mtengo, mitsinje itadzaza, ndiponso munda ukufuna kupalira ndi kubandira pamene mayi sangagwire khasu. Banja lodziwa zimenezi limasunga matumba ena a chimanga osagulitsa, ndipo limakonzeratu amene adzathandize kumunda.

2. Zinthu Zomwe Sitiyenera Kulipira

Ndalama zambiri zimaonongeka chifukwa chosadziwa. M'zipatala za boma sikelo ya amayi oyembekezera ndi yaulere, kuchira nkwaulere, ndipo ngakhale opareshoni ndi yaulere. Zipatala zina zikuluzikulu zili ndi mbali yolipira, koma kumeneko munthu amapita mwa kufuna kwake.

Zipatala za mishoni, zomwe zili pansi pa bungwe la CHAM, zimalipiritsa. Komabe kuyambira cha m'ma 2006 boma lakhala likuchita mgwirizano ndi zambiri mwa zipatalazi kuti amayi oyembekezera ndi ana obadwa kumene azithandizidwa mosalipira. Mgwirizanowu suli pa chipatala chilichonse, ndipo sukhudza matenda onse. Tsono pitani mukafunse msanga: kodi pano sikelo ndi kuchira nzolipira? Nanga opareshoni? Nanga akatitumiza ku chipatala chachikulu, galimoto alipira ndani? Kufunsa mwezi wachitatu nkwabwino kusiyana ndi kudabwa ndi bilu tsiku lotuluka.

Kusikelo mayi amapimidwa magazi ndi kuthamanga kwa magazi, amalandira mankhwala oonjezera magazi, mankhwala a SP oteteza malungo, katemera wa kafumbata, ndiponso neti yonyikidwa m'mankhwala. Amayezedwanso HIV. Kuyambira mu 2011 mayi aliyense woyembekezera wopezeka ndi kachilomboka amayamba ma ARV nthawi yomweyo, kwaulere, ndipo zimenezi zimateteza mwana. Nchifukwa chake tikulimbikitsa abambo kupita nawo kusikelo kuti akayezetse limodzi.

Mu 2016 bungwe la WHO linalangiza kuti mayi azionana ndi achipatala kosachepera ka 8 pa nthawi ya pathupi, ndipo ulendo woyamba ukhale miyezi itatu isanathe. Mayi wobisa mimba mpaka mwezi wachisanu ndi chimodzi amadzimana thandizo laulere, ndipo matenda omwe akanapewedwa amadzadya ndalama za banja.

Wina akakuuzani kuti mupereke kenakake kuti muthandizidwe pa chipatala cha boma, dziwani kuti chimenecho ndi chiphuphu. Kadandauleni kwa mkulu wa chipatalacho, ku komiti ya pachipatala, kapena ku ofesi ya Ombudsman ya pa chipatala cha boma lanu.

3. Zinthu Zofuna Ndalama

Vuto la mabanja ambiri si kusowa ndalama kokha, komanso kuyamba ndi zomwe zimayenera kukhala zomalizira. Ife tikulangiza kutsatanitsa motere.

Choyamba ndi ndalama ya ulendo. Imeneyi ndiyo ndalama ya moyo. Mayi akayamba kutaya magazi, kumva mutu waukulu, kutupa nkhope ndi manja, kukomoka, kutentha thupi, kapena mwana akasiya kugunda m'mimba, palibe nthawi yoyendayenda m'mudzi kufuna wogula mbuzi. Ambulansi siipezeka nthawi zonse. Funsani lero mtengo wa galimoto kapena njinga yamoto kuchokera pakhomo panu kukafika kuchipatala usiku, chifukwa mtengo wa usiku umaposa wa masana. Sungani ndalama imeneyo kawiri, pamalo odziwa nonse awiri, ndipo musaikhudze ngakhale kugwe maliro. Lembani nambala ya foni ya mwini galimotoyo pa chikuto cha buku la kuchipatala.

Ndondomeko ya boma njakuti mayi aliyense achilire kuchipatala. Mu 2007 boma linaletsa azamba a m'midzi kubereketsa amayi, ndipo mafumu ambiri anaika chindapusa kwa ochilira kunyumba. Koma chachikulu si chindapusa ayi. Mimba yoyamba palibe amene amadziwa m'mene idzathere. Ngati mumakhala kutali, konzani zoti mayi akakhale kuchidikiro masiku akayandikira. Kumeneko kumafunika ufa, ndiwo, nkhuni, sopo, ndi womudikirira amene nayenso ayenera kudya.

Chachiwiri ndi chakudya cha mayi. Alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Zambiri mwa izi sizifuna kugolosale. Usipa, mazira, nyemba, nsinjiro, nkhwani, bonongwe, mapapaya ndi nthochi nzokwanira. Kadimba kakang'ono kuseri kwa nyumba ndi nkhuku zingapo zimapulumutsa ndalama zambiri. Zikhulupiriro zoletsa mayi woyembekezera kudya mazira tizisiye, pakuti zimamana mayi chakudya chabwino chotsika mtengo.

Chachitatu ndi katundu wopita naye kuchipatala. Anamwino adzakupatsani mndandanda wake, ndipo tsatirani umenewo. Kawirikawiri pamakhala zitenje zochapa bwino zingapo, beseni, pepala lapulasitiki loyala, lezala latsopano, ulusi, sopo, tochi, ndi kachipewa ka mwana. Gulani chimodzichimodzi mwezi uliwonse, ndipo pofika mwezi wachisanu ndi chiwiri chikwama chikhale chomanga. Ikaninso kandalama kapadera kogulira mankhwala ngati atasowa kuchipatala.

Chachinayi ndi miyezi imene mayi sadzagwira ntchito. Mayi wogulitsa tomato pamsika, wophika mandasi, kapena wolima, alibe bwana womulipira pa nthawi ya chikuta. Ngati banja silinakonzeke, limayamba kudya mpamba wa geni, ndipo mayi akadzapeza mphamvu amapeza geni itagwa. Werengani ndalama imene mayi amabweretsa pa mwezi, ndipo yesetsani kusunga ya miyezi iwiri kapena itatu. Mpamba usiyanitsidwe ndi ndalama yodyera.

Zovala zokongola, shawelo yodula ndi maphwando zibwere pomalizira, ngati kanthu katsala. Mwana wakhanda amakula msanga, ndipo zovala zomwe anavala ana a achemwali anu nzabwino ndithu zikachapidwa ndi kusitidwa. Matewera ansalu amafuna sopo, madzi ndi dzuwa, pamene mapampasi amafuna ndalama tsiku ndi tsiku. M'matauni mwafalanso mwambo wa phwando la mphatso mwana asanabadwe. Sitikuletsa chisangalalo, koma kukongola ndalama kuti anthu aone, pamene ndalama ya ulendo palibe, ndi chikomekome cha nkhuyu.

4. Kasungidwe ka Ndalama

Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Tiyerekeze kuti banja layamba kusunga mwezi wachiwiri ukutha, ndipo likupatula K2,000 sabata iliyonse. Pakutha pa masabata 30 lidzakhala ndi K60,000. Chiwerengerochi nchongoyerekeza. Banja lililonse lione msinkhu wake, koma lisalumphe sabata. Bambo amene amamwa mowa kapena kutchova juga ya mpira pa foni awerenge zomwe amataya pa sabata, ndipo adzaona kumene ndalamayi ingachokere.

Tisaiwale kuti kwacha imatha mphamvu. Mu May 2022 inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Amene anasunga ndalama zonse m'kachitini anapeza kuti sizikugulanso zomwe anawerengera. Tsono zinthu zosaonongeka monga sopo, zitenje, beseni ndi matewera nkwabwino kugulira msanga. Chimanga chigulidwe pa nthawi yokolola ndi kuthiridwa mankhwala. Koma ndalama ya ulendo ikhale ndalama yeniyeni, m'nyumba kapena pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, pamene ingapezeke usiku womwewo.

Magulu a banki mkhonde, ndi magulu a SILC omwe amapezeka m'maparishi ambiri, ngothandiza. Funsani mwezi umene gulu lanu limagawana, muone ngati ukugwirizana ndi mwezi wochira. Funsaninso za thumba la zadzidzidzi. Koma chenjerani ndi kutenga ngongole ya chiwongoladzanja kuti mugulire zovala za mwana. Ngongole yotere imayenera geni yobweza phindu. Zakatapila ndiye tizithawe kotheratu, pakuti mabanja ataya njinga, malata ndi minda chifukwa cha ngongole yaing'ono.

Tinenenso poyera kuti kuno ku Malawi palibe ndalama imene boma limapereka mwezi ndi mwezi kwa banja lililonse chifukwa choti kwabadwa mwana. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, ngwa mabanja osaukitsitsa omwe alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito. Banja lachinyamata lisauike m'ndondomeko yake. Munthu wina akakuimbirani foni kuti mutumize ndalama kuti akulembeni m'kaundula wa thandizo, ameneyo ndi wakuba.

5. Lamulo Likuti Chiyani kwa Apantchito?

Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000, lotchedwa Employment Act, limati mayi wapantchito ali ndi ufulu wa tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera 8, akulandira malipiro ake onse, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse. Malo ena antchito amapereka masiku ochulukirapo, koma palibe wololedwa kupereka ochepera. Tchuthi chikatha mayi ali ndi ufulu wobwerera pa ntchito yake yomweyo. Kuchotsa mayi ntchito chifukwa choti ali ndi pakati ndi mlandu, ndipo bwana ndiye ayenera kupereka umboni woti chifukwa chake chinali china.

Mu 2021 lamuloli linakonzedwanso. Tsopano bambo wapantchito ali ndi ufulu wa tchuthi cha masabata osachepera awiri, cholipidwa, kamodzi pa zaka zitatu, mkazi wake akachira. Mayi woyamwitsa akabwerera kuntchito ali ndi ufulu wopuma theka la ola kawiri pa tsiku kuti ayamwitse, kwa miyezi yosachepera isanu ndi umodzi. Abambo, tchuthi chimenechi si cha bawo kapena kumowa. Ncha kutunga madzi, kuchapa matewera ndi kuphikira mayi.

Ufulu umenewu si wa aphunzitsi ndi a m'maofesi okha. Ngwa ogwira ntchito m'masitolo, m'maesiteti ndi m'nyumba za anthu omwe. Ife akhristu amene tinalemba wantchito wa m'nyumba tidzifunse: mtsikana wathu wantchito akatenga pakati, timamupatsa tchuthi kapena timamuthamangitsa? Chilungamo chimene timafuna kwa mabwana athu chiyambire m'nyumba mwathu.

Dziwitsani abwana anu msanga, makamaka polemba kalata, ndipo sungani kope lake pamodzi ndi chikalata cha kuchipatala. Ufulu wanu ukaphwanyidwa, pitani ku ofesi ya Leba ya m'boma lanu. Zikakanika kumeneko nkhani imapita ku bwalo la milandu ya zantchito, la Industrial Relations Court. A Chilungamo ndi Mtendere a pa parishi angathenso kukuperekezani.

Nanga mayi amene mwamuna wamuthawa? Gawo 23 la malamulo aakulu a dziko lino limati mwana aliyense ali ndi ufulu wosamalidwa ndi makolo ake, kaya ali pabanja, kaya sanakwatirane, kaya banja linatha. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limalola mayi kukasuma ku khoti kuti bambo azipereka thandizo. Ofesi ya zosamalira anthu ya pa boma imathandiza pa nkhani zotere. Kupita kumeneko si kupanda ulemu ayi, koma kuteteza mwana.

6. Mwana Akabadwa

Chakudya chabwino koposa cha mwana nchaulere. Achipatala amalangiza kuyamwitsa mwakathithi kwa miyezi 6, osapatsa mwana madzi, dawale kapena mankhwala azitsamba, ndi kupitiriza kuyamwitsa mpaka zaka ziwiri kapena kuposerapo. Mkaka wa m'chitini ngodula kwambiri, umafuna madzi owiritsa ndi ziwiya zaukhondo, ndipo banja likayamba kuusungunula kwambiri kuti ukhalitse, mwana amanyentchera. Musauyambe popanda uphungu wa achipatala. Ndalama imeneyo idyetse mayi. Miyezi 6 ikakwana, phala la mgaiwa lothira nsinjiro kapena soya lingakonzedwe pakhomo pomwepo.

Katemera ndi sikelo ya ana nzaulere. Mwana amalandira katemera woyamba atangobadwa, kenaka pa masabata 6, 10 ndi 14, ndiponso wa chikuku pa miyezi 9 ndi 15. Mwana agone m'neti usiku uliwonse. Neti yotchingira dimba kapena nkhuku imabwezera banja malungo, ndipo malungo amadya ndalama.

Lembetsani mwana m'kaundula wa boma. Lamulo la kalembera wa dziko la 2010 limafuna kuti mwana alembetsedwe masabata 6 asanathe. M'zipatala zambiri fomu ya bungwe la NRB imalembedwa mayi asanatuluke, ndipo salipiritsa. Nyamulani ziphaso zanu za unzika popita kukachira. Chikalata cha kubadwa chimateteza dzina la mwana, zaka zake ndi ufulu wake pa chuma cha makolo.

Za ubatizo, malamulo a Mpingo amapempha makolo kubatiza mwana m'masabata oyambirira, ndipo lamulo nambala 848 limaletsa kumana munthu masakramenti chifukwa cha umphawi. Taona makolo akuchedwetsa ubatizo chaka chathunthu podikira ndalama ya mpunga, nkhuku ndi zakumwa. Tikumbukire kuti Yosefe ndi Maria, popereka Yesu m'Nyumba ya Mulungu, anapereka mbalame ziwiri, nsembe imene malamulo a Mose analoleza osauka. Sanachite manyazi, ndipo sanakongole.

Pomaliza, achipatala amalangiza kuti papite zaka ziwiri mayi asanatengenso pakati. Zimenezi zimateteza thanzi la mayi ndi chuma cha banja. Funsani alangizi a mabanja a pa parishi za kulera kwachilengedwe kumene Mpingo umaphunzitsa.

7. Adzalera Mwana Ndani?

Funso limeneli liyankhidwe mwana asanabadwe. Ngati agogo kapena azakhali adzabwera kudzathandiza, werengani ndalama ya ulendo wao ndi chakudya chao, ndipo mabanja a mbali zonse ziwiri agwirizane kuti pasakhale kunyinyirika. Ngati mudzalemba wantchito, akhale munthu wamkulu, ndipo malipiro ake asachepere omwe boma linakhazikitsa. A ku ofesi ya Leba adzakuuzani mlingo wake. Ikani malipirowo pa tsamba la zotuluka kuyambira tsopano, kuti muone ngati mungakwanitse.

Pali chizolowezi chimodzi chimene tiyenera kuchidzudzula. Mabanja ambiri a m'tauni amatenga kamtsikana kumudzi ponena kuti akakaphunzitsa sukulu, koma kakafika kamasanduka kolera mwana. Maphunziro a pulaimale akhala aulere kuyambira mu 1994 kuti mwana aliyense aphunzire. Kupulumutsa ndalama zathu poononga tsogolo la mwana wa mbale wathu ndi tchimo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mwana akasinkhukirapo, sukulu za mkombaphala za m'midzi ndi za pa parishi zimathandiza pa mtengo wochepa. Zimayenda bwino pamene makolo asonkha ufa, soya ndi nkhuni, ndiponso alemekeza alezi omwe ambiri amagwira ntchito mongodzipereka.

8. Udindo wa Mphakati

Pa maliro timadziwa kusonkha ufa, nkhuni ndi ndalama tsiku limodzi. Bwanji sitichita chimodzimodzi pa kubadwa kwa mwana? Mphakati uliwonse ungathe kudziwa amayi oyembekezera a m'dera lake, kukhala ndi kathumba ka ulendo wa kuchipatala kobwereka popanda chiwongoladzanja, ndi kugawana masiku otungira madzi ndi kupalira munda wa mayi amene ali m'chikuta. Amayi achikatolika angasonkhanitse zovala za ana zomwe zili m'masutikesi. Mtsikana amene watenga pakati asanakwatiwe tisamusale. Iye ndi mwana wake ndiwo afunika thandizo lathu koposa, ndipo Mpingo umene umaphunzitsa kuti moyo ngopatulika uyenera kuonetsa zimenezi ndi ntchito.

Mafunso Okambirana m'Mphakati

1. Kodi kuchokera m'mudzi mwathu kukafika ku chipatala chochilira usiku pamafunika ndalama zingati, ndipo tingaitane ndani?

2. Kodi chipatala cha mishoni chomwe tili nacho pafupi chili pa mgwirizano ndi boma? Ndani mwa ife apite akafunse?

3. Nchiyani chimalepheretsa abambo ndi amayi kuuzana zoona pa nkhani ya ndalama?

4. Ndi miyambo iti ya pa kubadwa kwa mwana ndi pa ubatizo imene imatilowetsa m'ngongole?

5. Kodi alipo ana a msinkhu wa sukulu amene akulera ana m'nyumba zathu? Tichitepo chiyani mwezi uno?